Nkhalamba ndi Dona M'kabokosi Kamodzi

"Ndiye nkhope ya bambo anga ndikaionenso kuti?"

Anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu wofunsa njira. Mu situdiyo yojambulira zithunzi munali anthu atatu oti akanamuyankha, koma aliyense anapeza choyang'ana. Mwini situdiyo, amene msewu wonse umawatcha a Kamera, ankapukuta galasi loyera kale. Akazi awo anawerama n'kuyamba kusanja maenvelopu. Wachitatu anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, mwana wa mlongo wa a Kamera. Anaima pakona chingwe cha magetsi chili m'manja, chifukwa anali atangochizula kukhoma.

Wofunsayo anali namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumtunda kwa msewu. Anadikira pang'ono. Kenako ananyamula chikwama chake n'kutuluka, osamenyetsa chitseko. Zikanakhala bwino akanamenyetsa.

Inu amene mumakonda nkhani zolimbikitsa, ndikuuzireni zisanafike patali: kumapeto kwa iyi kulibe galimoto, kulibe nyumba yosanja. Kuli theka la tebulo ndi chithunzi chimodzi. Ngati zimenezo zikukwanirani, tiyeni.

Mtsikana wa chingwe uja ankatchedwa Chibwereza. Dzinalo anamupatsa ndi akazi a amalume ake, amene iye ankawatcha anti, atalephera kachiwiri mayeso omaliza kusukulu ya zamakompyuta. Sanali mbuli. Mphunzitsi wake wina anamuuzapo kuti mutu ali nawo, vuto lake amayankha funso lisanathe. Ena a ife tinakhoza mayeso omwewo ndipo masatifiketi athu akudyedwa ndi mphemvu m'masutikesi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Za bambo ake, akuluakulu ankasintha nkhani iye akalowa. Amalume anamutenga n'kumupatsa kachipinda kosungiramo katundu, momwe ankagona pakati pa nsalu zakale zoimika kumbuyo kwa anthu pojambula: ya mathithi, ya nyumba yachifumu, ya mitambo. Sukulu itakanika, anamuika pa kauntala ya situdiyo.

Pansi pa kauntalayo panali kabokosi kakuda kosungiramo zithunzi zonse za makasitomala: maukwati, maliro, makanda, ovala mikanjo yomaliza maphunziro. M'kabokosimo munali madisiki awiri. Chilichonse cholowa chinkalembedwa pa onse awiri nthawi imodzi, kuti ina ikafa inzake itsale ndi zonse. Odziwa amati reidi. A Kamera ankangoti mapasa.

Mapasawo anali amtundu wakale, aja okhala ndi timbale tozungulira mkati ndi kasingano kowerengera, oti ukaika dzanja umamva akunjenjemera. Atatumikira zaka zisanu ndi chimodzi, imodzi inafa. Chibwereza ndiye anapereka nzeru: m'malo mwa yakufayo agule yamakono, imene amati SSD, yopanda chozungulira chilichonse, yachete, yopepuka ngati bisiketi, yothamanga ngati mphezi. Anaiika yekha amalume ake akuonerera, ndipo tsiku limenelo anamutcha injiniya pamaso pa makasitomala.

Kuthamanga kuja sikunaoneke. Kabokosi kotere sikavomera kuti kamaliza kulemba mpaka madisiki onse awiri atamaliza, choncho yatsopano inkatsiriza msanga n'kukhala pansi kudikira inzake. A Kamera anati akwatitsa dona kwa nkhalamba, ndipo maina anakhala omwewo: Dona ndi Nkhalamba. Zithunzi zikamachedwa kulowa, ankagogoda kabokosi ndi chala n'kunena kuti, "Fulumirani achikulire, mtsikana watopa kudikira."

Tsiku lina masana kabokosi kanayamba kulira, tswii, tswii, tswii. Mu situdiyo munali anti okha, mutu ukuwawawa. Anagwada n'kudina mabatani onse mpaka kanakhala chete. Kagetsi kofiira kanakana kuzima, ndiye anakamata ndi kasitika. Sanauze munthu. Sanaone choti auze munthu, popeza phokoso linali litatha.

Chimene kabokosi kankanena n'chakuti Dona watuluka m'banja. Anali atasiya kulemba. Disiki yakale ikamadwala imabuula, imagogoda, umachita kuimvera chisoni. Yamakono kukhala chete kwake ikugwira ntchito ndi kukhala chete kwake italekeratu n'kumodzi. Kwa miyezi inayi Nkhalamba inasenza yokha zonse, ikunyozedwa tsiku ndi tsiku chifukwa chochedwa.

M'miyezi inayi imeneyo ndi mmene munachitika ukwati wa namwino. Bambo ake anali telala wopuma ntchito, munthu wodana ndi kujambulidwa moyo wawo wonse. Kamera ikawaloza ankatembenuka, kapena kutsitsa chipewa kumaso. Chithunzi chawo chokha chinali cha pachiphaso, chaching'ono ngati chikhadabo, chidindo chitadutsa pamphuno. Koma paukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo anavula chipewa, n'kuuza a Kamera kuti, "Jambula kamodzi. Ukaphonya, waphonya." A Kamera anadina katatu mofulumira chipewa chisanabwerere. Patapita milungu itatu bambo aja anagwa m'bafa, osadzukanso. M'mafoni a alendo a paukwati munali nkhongo yawo ndi chipewa basi.

Makhadi a m'kamera a Kamera ankawafufuta ntchito iliyonse ikangolowa m'kabokosi. Ankati mapasa alipo awiri, tiopenso chiyani.

Lachiwiri lina m'mawa Nkhalamba inayamba kugogoda, ko, ko, ko. Chibwereza anazimitsa kabokosi n'kukayatsanso, ndipo Dona anadzuka ngati sipanachitike kanthu. Pa kompyuta panabwera uthenga wakuti madisiki awiriwo sakugwirizana, asankhe imodzi yoti ikopedwe pa inzake. Pansi pa dzina la disiki iliyonse panali tizilembo tosonyeza tsiku limene inalembedwa komaliza. Sanawerenge. Panalinso chowerenga ngati? Ina yakale, yodwala, yogogoda. Ina yatsopano, yachete. Anasankha Dona. Kabokosi kanafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza.

Kabokosi kanayamba kulemba zakale za Dona pamwamba pa zonse za Nkhalamba, kuyambira kumayambiriro kwa disiki. Kanati ntchitoyo itenga maola khumi ndi limodzi. Chibwereza anatsonya, nati nkhalambayi ndiyo imachedwetsa chilichonse.

Patatha maola awiri namwino analowa kudzatenga zithunzi zake. Sanabwere msanga chifukwa cha maliro. A Kamera anasaka foda ya ukwati, koma panalibe. Foda yomaliza inali ya miyezi inayi yapitayo. Chibwereza anayang'ana pa sikirini, anaona tizilembo tija, ndipo tsopano anatiwerenga. Analumphira kukhoma n'kuzula chingwe. Nambala yomaliza imene anaiona inali 19 peresenti.

Kenako ndiye funso lija.

Amalume sanakalipe. Anatulutsa Nkhalamba m'kabokosi, anaiponya m'bini ya mapepala, n'kumuuza kuti makiyi a situdiyo awasiye pa kauntala. Anti ndiwo analankhula, ndipo analankhula mlungu wathunthu. Ankati munthu wolephera mayeso kawiri umamupatsa tsache, osati maukwati a anthu. Ankati iwo anaona kalekale kuti mwanayu manja ake amathamanga kuposa mutu. Za kasitika sanatchule. Chibwereza anali atakapeza tsiku lomwelo potulutsa chingwe. Anakamatula, anayang'ana anti, anti anayang'ana kudenga. Anakaika m'thumba. Wogona m'kachipinda ka eni amasankha choonadi choti anene. Komanso kasitika sikanadine batani lija. Anadina ndi iye.

Makasitomala ena a miyezi inayi ija anabwera mmodzimmodzi, ndipo iwo ankamenyetsa chitseko. Nkhani inayenda msewu wonse. Anthu anayamba kupita ndi maukwati awo kwina. A Kamera ankatsegula situdiyo m'mawa, n'kukhala pakhomo tsiku lonse kamera ili pamiyendo. Kunyumba ankadya osadzutsa mutu. Akafuna mchere womwe uli pafupi ndi Chibwereza, ankanyamuka n'kukautenga okha.

Iye anali atatola Nkhalamba m'bini tsiku lija n'kuikulunga m'sokosi, osadziwa chifukwa chake. Kwa milungu iwiri ankangotuluka kukatsuka mbale n'kubwerera m'kachipinda, kugona chagada kuyang'ana mathithi a pansalu amene madzi ake sagwa. Ankaganiza zochoka, koma akayamba kuwerenga koti angapite, zala zinkatsala zonse.

Nambala ija ndiyo inkamubwerera m'mutu. Poyamba inkabwera ngati chitonzo. Tsiku lina akukolopa pakhonde, anaima ndi chikolopa m'manja. Ngati zofufutika zinali 19, ndiye kuti 81 sizinakhudzidwe. Nkhalamba ikanakhala yothamanga ngati Dona, maola awiri aja akanakwanira kumaliza zonse. Chimene chinatsala, chinatsala chifukwa cha kuchedwa komwe iye ankakutsonyera.

Kumapeto kwa mzere wa masitolo kunali kashopu ka bambo wina wokonza mawailesi, mafoni ndi malaputopu, amene aliyense ankawatcha a Waya. Anali munthu wa magalasi omanga ndi ulusi, wosakhulupirira chipangizo chilichonse chopangidwa iwo atakwatira kale.

"Iwe si uja unadya ukwati wa anthu?" anatero osadzutsa mutu Chibwereza atalowa.

"Ndine, bambo."

"Ndiye kuno wabwera kudzadya chiyani?"

Anaika sokosi patebulo. Anapempha kuti azigwiritsa ntchito kompyuta yakale yomwe inali pakona itafunditsidwa nsalu, ndipo iye azisesa, azisanja tizisikuluu, aziyang'anira shopu iwo akatuluka. A Waya anati iwo amakonza odwala, akufa ndi ntchito ya abusa. Koma anachotsa nsalu ija.

Zodzutsa zithunzi zofufutika kusukulu sanaphunzire. Anayamba kuwerenga pa foni, zolemba za anthu akutali amene anadinapo mabatani olakwika iye asanabadwe. Lamulo loyamba linali lakuti disiki yodwala suigwirirapo ntchito, ndipo sulembapo ngakhale kadontho. Umayamba waikopera yonse, malo ndi malo, pa disiki ina, kenako n'kumafufuza pa yokopayo. A Waya anafukula disiki yaikulu m'kompyuta ina imene mwini wake anaisiya zaka zitatu zapitazo osabweranso.

Nkhalamba inkawerenga pang'onopang'ono. Ikafika pamalo owonongeka inkaima n'kugogoda, ngati munthu wafika panyumba yopanda anthu. Inkatentha, ndipo Chibwereza ankaikupiza ndi katoni mpaka mkono kuchita dzanzi. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi magetsi anazima. Atayaka, kukopera kunayambiranso pa ziro. Pulogalamuyo inali ndi njira yosunga pomwe yafika, koma malangizo ake anali pandime yachitatu, ndipo iye anali atawerenga ziwiri.

Analira atatsamira pa firiji yakufa ya kuseri kwa shopu. A Waya anamusiya alire. Atamaliza, anawerenga malangizo onse mpaka pansi, kenako anawawerenganso.

"Chibwereza ndithu," anatero a Waya. "Amene anakutcha dzinali sanakunamize."

Ulendo wachiwiri unatenga masiku makumi awiri ndi atatu.

Apo m'pamene anaona kukula kwa chimene anachita. Mbali yofufutika ija ndi imene munali kaundula wa maina onse, wonena kuti chithunzi chakuti ndi cha ndani ndipo chili pati. Zinali ngati laibulale imene wina wawotcha kaundula wake n'kuthothola masamba a mabuku onse n'kuwaunjika pakati pa chipinda. Anapeza pulogalamu ina yonunkhiza disiki yonse, kusaka paliponse poyambira chithunzi. Inatulutsa mafayilo zikwi zana limodzi ndi makumi anayi, opanda maina, manambala okhaokha. Njira yodziwira zomwe zili mkati inali imodzi: kutsegula n'kuyang'ana.

Ndipo panali vuto lina. Nkhalamba inakhala yodzaza kwa zaka, amalume akufufuta zakale kuti zatsopano zipeze malo. Choncho zithunzi za miyezi yomaliza zinalowa m'mipata, zidutswazidutswa, mutu kuno miyendo uko. Zambiri zinkatseguka theka, kumunsi kuli kotuwa ngati phulusa. Zina zinkalumikizana ndi za eni ena. Anaona chimodzi pamwamba pali mkwatibwi akumwetulira, pansi pali nkhata za maluwa za pamaliro a munthu wina. Tsiku limenelo sanadye.

Ankayang'ana zithunzi kuyambira shopu ikatsegulidwa mpaka ikatsekedwa. Maso anayamba kutuluka misozi okha, popanda chisoni. Anayamba kudziwa anthu a mumsewu mwa njira yachilendo: uyu diresi lake la paukwati linali lobwereka, poti linaonekanso pa akwatibwi ena atatu, uyu pamaliro a apongozi ake ankayang'ana wotchi. Zimene zinatuluka zathunthu ankaziika pa fulashi n'kukapereka kwa eni ake. Mayi wina analandira zithunzi za mwana wake n'kufunsa chifukwa chake zachedwa chonchi. Bambo wina anati iye anali ataiwala kale, bwanji akumukumbutsa. Wobweza chimene anataya yekha sathokozedwa, ndipo iye sanayembekezere.

Namwino ankadutsa pa shopu ya a Waya m'mawa uliwonse popita kuntchito. Mwezi woyamba ankaima.

"Wapeza?"

"Ayi, asisi. Ndikusakabe."

Mwezi wachitatu ankangogwedeza mutu. Mwezi wachisanu anayamba kuwolokera mbali ina ya msewu asanafike pa shopu. Yunifolomu inali itayamba kumuthina pamimba.

Mwezi wachisanu womwewo Chibwereza anapeza ukwati uja. Unatuluka pang'onopang'ono: keke, nsapato za mkwatibwi, operekeza, mkwati akuseka mano onse panja. Panali bambo wina woledzera wovina yekha, amene anatuluka m'zithunzi khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zonse zathunthu, zowala bwino, popanda ngakhale kadontho kolakwika. Bambo a namwino analimo ndithu: chipewa, nkhongo, dzanja litagwira kapu.

Anali ataphunzira kuti chithunzi chilichonse chimasunga mkati mwake nthawi imene chinajambulidwa. Anazisanja zonse motsatira nthawi. Panali cha 2:14, mkwatibwi akukoka munthu wina dzanja, munthuyo sakuoneka. Chotsatira chinali cha 2:16, chipewa chitabwerera kale pamutu. Pakati pake panalibe kanthu.

Anakhala akuyang'ana mpata umenewo mpaka a Waya anafunsa ngati kompyuta yauma. Kenako anatola Nkhalamba patebulo, anaibwezera m'sokosi, n'kunena kuti basi, waleka. Miyezi isanu yathera pa kupulumutsa munthu woledzera.

"Chabwino," anatero a Waya. "Koma ukamuuze wekha mwini wake. Ine sindinyamula uthenga wa maliro achiwiri."

Anapita. Anafika pageti la chipatala, anaona namwino patali akuthandiza mayi wina kukwera masitepe, dzanja lina atadzigwira nalo pamsana. Anaima pagetipo mpaka mlonda anamufunsa ngati akudwala. Anati ayi, n'kubwerera ku shopu.

Asakunamizeni kuti onse opirira ndi olimba mtima. Ena amapitiriza chifukwa alibe mphamvu yokanena kuti alephera. Kumenekonso ndi kupirira, ndipo kumagwira ntchito chimodzimodzi.

Panatsala milu iwiri imene anali asanaikhudze. Woyamba unali wa mafayilo zikwi zisanu ndi zinayi okaniratu kutseguka. Wachiwiri unali wa malo owonongeka aja amene Nkhalamba inawalumpha pokopera. Anailumikizanso n'kuipempha iyesenso malo amenewo okha, kamodzi, kawiri, kuchokera kutsogolo, kuchokera kumbuyo, akuipumitsa ikatentha. Tsiku lina inkapereka kachidutswa, masiku atatu osapereka kanthu. Pamene inkagogoda, iye ankatsegula mimba za mafayilo okana aja limodzilimodzi, kusaka nthawi yolembedwa mkati.

Pa nthawi imeneyi anthu anali atazolowera kuona mtsikana wokupiza disiki ndi katoni. Woyamba kubwera anali mphunzitsi wina amene fulashi yake inatha mawu mayeso a ana ali momwemo. Chibwereza anawatulutsa tsiku lomwelo. Kenako kunabwera wa khadi la m'foni, wa laputopu yogwa pa njinga, mlembi wa tchalitchi. A Waya anasuntha mawailesi awo akung'ung'udza kuti shopu yasanduka mochale, n'kumusiyira theka la tebulo. Ofesi ina ya oyeza malo inamuitana kuti akaone kabokosi kawo, komwe wina anafunanso kuikamo disiki yamakono pambali pa yakale. Anawauza kuti n'zotheka, koma asayembekezere liwiro, kabokosi kadzayenda ndi mwendo wa wochedwayo. Anawauza kuti kagetsi kaziyang'ana kumene kuli anthu, ndipo kabokosi kakalira wina adzuke. Anawauza kuti mapasa si nkhokwe, poti cholakwika chikalowa chimalowa mwa onse awiri, choncho pakhale disiki yachitatu yosungidwa kwina. Pomaliza anati makina akafunsa funso, aziliwerenga mpaka pansi. Bwana wa ofesiyo anaseka, nati zimenezo ndi zodziwikiratu. Iye sanaseke.

Masana ena a Kamera anafika pa shopu. Anapereka moni kwa a Waya, anafunsa za mvula, anafunsa za bondo lawo. Kenako anaika khadi la m'kamera patebulo, pakati penipeni, n'kunena akuyang'ana a Waya kuti, "Muwauze a injiniya anu aone ichi. Chikukana." Anatuluka asanayankhidwe. Madzulo ake kunyumba anapempha Chibwereza kuti awapatsire mchere.

Nkhalamba inafa m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Anaiyatsa m'mawa, inazungulira, inagogoda katatu, n'kukhala chete. Anaika dzanja pamwamba pake. Sinanjenjemere. A Waya anavula magalasi, kenako anachita manyazi n'kuwavalanso.

Zidutswa zomaliza zimene inapereka zinali zochepa, zosakwana ngakhale nyimbo imodzi ya pa foni. Anaziphatikiza pa zokopa zija n'kununkhizanso. Mulu wa okana kutseguka unawonjezekera ndi mafayilo khumi ndi limodzi. M'mimba mwa lachisanu ndi chitatu munalembedwa 2:15.

Linakana kutseguka. Mutu wa fayilolo, mbali youza kompyuta mmene iwerengere mitundu, unali wothyoka. Anawerengapo kuti zithunzi za kamera imodzi mitu yake imafanana, ndipo ungabwereke wa china. Anakopera fayilolo kaye, kawiri. Kenako anadula mutu wa chithunzi cha 2:14 n'kuulumikiza. Kanayi panatuluka mizeremizere yobiriwira. Kachisanu kompyuta yakale ija inayamba kujambula kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere.

Khoma. Katani. Dazi lowala, loyera kuposa nkhope chifukwa chokhala zaka zonse pansi pa chipewa. Mphumi. Maso ang'onoang'ono a munthu amene wathera moyo wake akulowetsa ulusi pa singano. Mphuno yopanda chidindo. Pakamwa pa munthu amene akuyesetsa kuti asaseke ndipo akulephera. Chibwano, kolala, ndi zala zinayi za mkwatibwi paphewa. Kuyambira pamenepo mpaka pansi, phulusa lokhalokha.

Chibwereza sanafuule. Anakopera chithunzicho pa fulashi, pa foni yake, pa foni ya a Waya, ndi pa disiki ina. Atatero m'pamene anakhala pansi.

Tsopano inu amene mukuwerenga muli m'kachipinda kanu, mwina mwadina batani lanu lolakwika, mwina dzina limene anakupatsani pokunyozani lakukakamirani. Sindikuuzani kuti zonse zidzabwerera. Sizibwerera. Zithunzi ziwiri mwa zitatu za bambo aja atavula chipewa zinapita mpaka kalekale, maukwati ena anayi a miyezi ija sanapezeke n'komwe, ndipo eni ake mpaka lero samupatsa moni. Koma musanaponye m'bini, werengani chimene chatsala. Nthawi zambiri chimakhala chochuluka kuposa mmene manyazi akukuuzirani. Chitoleni, chikulungeni ngakhale m'sokosi, ndipo muyambe, pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Mtima wokhawo osautaya.

M'mawa wotsatira anadikira pakhomo pa shopu. Namwino atayamba kuwoloka msewu monga mwa masiku onse, Chibwereza anawoloka naye n'kuima patsogolo pake.

"Asisi, tabwerani muone."

Namwino anaima. Anali atalemedwa kwambiri tsopano, mapazi atatupa m'nsapato zoyera. Analowa m'shopu. A Waya anapukuta mpando wawo ndi dzanja n'kumupatsa, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito panja.

Chibwereza anatsegula chithunzi n'kuima pambali. Namwino anasendeza mpando. Anatambasula dzanja n'kukhudza sikirini pa dazi paja, n'kusiya chizindikiro cha chala pafumbi.

"Ndi iwo," anatero.

Chibwereza anayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana. Anapepesa chifukwa cha phulusa. Anati akhoza kukonza: jekete la bambo likuoneka bwino m'zithunzi zina, diresi nalonso lilipo, akhoza kuzidula n'kuzilumikiza mosamala moti palibe angadziwe. Kapena angodula kumunsiko, patsale nkhope yokha. Anati zingomutengera masiku awiri. Kenako anadzigwira, anatseka pakamwa, n'kudikira kuti munthu amalize kuyang'ana.

Panja a Waya ankakangana ndi wogulitsa mabatire. Namwino anatsitsa chala pang'onopang'ono kuchoka pankhope, kudutsa kolala, kudutsa zala zake zomwe, mpaka pamene phulusa linayambira. Anachisiya pamenepo.

"Usakonze," anatero. "Usindikize chachikulu, cha pakhoma. Ndi phulusa lakelo."